Zovala, thupi lanu ndi thumba lanu ku Joni: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi amene amabwerabwera pakati pa Amalawi okhala ku Johannesburg, kaya kwa telala, pa gulu la amayi kutchalitchi kapena podikira basi ya kumudzi. Tayamba ndi apafupi, kenako ofunika kufotokoza mwakuya. Mitengo yomwe yatchulidwa ndi yongochitira chitsanzo, chifukwa ya m'sitolo ndi ya pamsewu sikhala pamodzi.

Ndangofika kumene. Zovala zoyamba kugula ndi ziti?

Yambani ndi za chisanu. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, pamwamba kuposa tauni ya Dedza. Mu June ndi July m'mamawa kumatha kuzizira mpaka udzu kuyera ndi chisanu, koma pofika masana dzuwa limafunda moti jekete lija limasanduka katundu. N'chifukwa chake chijasi chimodzi chochindikala sichithandiza ngati zovala zitatu zosanjikiza: kamalaya ka m'kati kogwira thupi, juzi, ndi jekete loletsa mphepo pamwamba. Kukafunda mumangovula chimodzi.

Nyumba zambiri za lendi kuno zimazizira kuposa panja, ndiye musaiwale masokosi ochindikala ndi chovala chofunda chogonera. Kuyambira October mpaka March vuto ndi mvula ya mabingu yobwera chakumadzulo. Imafuna nsapato zosalowa madzi ndi ambulera yokwana m'chikwama. Zotchenera zidikire kaye mpaka mutadziwa ntchito yomwe mukugwira ndi malo omwe muziyendako.

Kodi dunusa ndi kaunjika yemweyo?

Inde, ndi kaunjika wa kuno. Mawuwa ndi a Chizulu, otanthauza kuwerama mbuyo ili m'mwamba, monga momwe munthu amaonekera akamafukula pamulu. Malo odziwika kwambiri ndi cha ku De Villiers Street, pafupi ndi Park Station, ngakhale kuti ogulitsa nthawi zina amasamutsidwa. Mukafika mumapeza milu pa matebulo ndi pa masaka, mwini wake ataima chapakati akukuwa mtengo umodzi wa mulu wonse, amayi atatu akukokerana mkono wa jekete limodzi.

Pali kusiyana kumodzi koyenera kukudziwa ngati mukuganiza za geni. Kumudzi mabelo a kaunjika amalowa poyera, ndipo masitolo monga a DAPP amagulitsa popanda vuto. South Africa imateteza mafakitale ake a zovala, choncho kulowetsa zovala zakale kuti muzigulitsa n'koletsedwa popanda chilolezo cha ITAC, bungwe la boma loyang'anira malonda ndi maiko akunja, ndipo chilolezocho sichiperekedwa wamba. Musatengere belo kuchokera kunja poganiza kuti ndi monga kwathu.

Pamulu ndingadziwe bwanji chovala chabwino?

Pitani m'mawa, makamaka tsiku lotsegula belo. Funsani wogulitsa, adzakuuzani tsikulo. Tengani tepi yoyezera ndi ndalama zosinthasintha, foni ikhale m'thumba la kutsogolo. Chilichonse chokukopani chiikeni kaye paphewa, muzisankha bwino pambuyo.

Posankhapo, tembenuzani chovalacho kuti muone mkati. Kokani msoko ndi manja awiri: mukaona kuwala pakati pa ulusi, usoka posachedwa. Buluku limayamba kutha m'mphechepeche, choncho yang'anitsani pamenepo padzuwa. Nsalu ikapyapyala ngati sefa, lisiyeni ngakhale likhale la dzina lotchuka. Shati muione pakolala ndi m'khwapa. Chikasu cha thukuta chomwe chinasitidwapo kale sichichoka. Juzi muiyang'ane timabowo ta njenjete, tomwe timabisala m'mbali ndi pansi pa mikono. Zipi muikweze ndi kuitsitsa katatu. Lastiki muikoke: ikalira ngati masamba ouma kapena ikapanda kubwerera, yafa.

Zolakwika zina n'zotchipa kukonza, ndipo ndi chifukwa chabwino chonenerera mtengo: batani losowa, mpendero womasuka, miyendo yotalika, chiuno chokulirapo pang'ono. Zina musalimbane nazo. Mapewa a jekete akakukulirani kapena akakuthinani, kukonza kwake kumafuna kuphwasula jekete lonse, ndipo mtengo wake umaposa wa jeketelo.

Zakaunjika sizingandipatse matenda a pakhungu?

Zingatero mukavala musanachape. Mphere, nsabwe, chipere ndi nsikidzi zimatha kuyenda ndi nsalu. Kuchapa m'madzi otentha a madigiri 60 ndi kusita bwinobwino m'misoko kumapha zambiri mwa izi. Chovala chosafuna madzi otentha, monga juzi ya ubweya, chimangeni m'pulasitiki kwa sabata yathunthu musanachape m'madzi ozizira, chifukwa tizilombo ta mphere sititha masiku opitirira atatu popanda khungu la munthu. Nsikidzi zokha zimapirira nthawi yaitali, n'chifukwa chake katundu wa pamulu asafikire pabedi, apite molunjika m'beseni.

HIV siyenda pa zovala. Koma zovala zam'kati gulani zatsopano, chifukwa zakalezo lastiki yake imakhala itatha kale.

Chifukwa chiyani m'sitolo ina ndimavala 36, ina 12, ina 40?

Chifukwa onsewo akunena thupi limodzi m'zinenero zosiyana. Pa zovala za amayi, 36 ya ku South Africa ndi 12 ya ku Britain. Mumangochotsa 24 pa nambala ya kuno: 32 ndi 8, 34 ndi 10, 38 ndi 14, 40 ndi 16. Zochokera ku maiko ena ambiri a ku Ulaya, zomwe zimadzaza pa dunusa, zimakwera ndi 4 pa nambala ya kuno, ndiye wovala 36 ayang'ane 40. Za ku America zimatsika ndi 4 pa nambala ya ku Britain, ndiye 12 ija imakhala 8. Zambiri za ku China Mall ndi Dragon City zimadulidwa mochepa, moti XL wa kumeneko amatha kufanana ndi M wa ku Woolworths.

Abambo zawo n'zosavutirapo. Nambala ya buluku kawirikawiri ndi chiuno m'mainchi, ndipo inchi imodzi ndi masentimita 2.54. Nambala ya shati ya kolala, monga 39 kapena 41, ndi khosi m'masentimita.

Ngakhale m'dziko limodzi, palibe chokakamiza makampani onse kudula mofanana. Nambala ya pakolala imangonena za mmene fakitale inadulira nsalu, sinena kanthu za inu. Chodalirika ndi miyezo yanu.

Ndidziyeze bwanji ndekha?

Valani zam'kati zokha kapena kamalaya kopyapyala, imani mowongoka, ndipo musakoke mimba. Tepi igwire thupi koma isaboole, chala chimodzi chizilowa pansi pake. Yezani chifuwa podutsa pamene patukuka kwambiri, tepi ili yowongoka kumsana. Chiuno chili pamene thupi limapindika mukapendekera kumbali, chapamwamba pang'ono pa mchombo, osati pamene mumamangira chitenje. Mbina muyeze pamene pakula kwambiri, miyendo ili pamodzi. Onjezerani mapewa kuchokera fupa lina kufika linzake podutsa kumsana, mkono kuchokera paphewa kufika pamfundo ya dzanja chigongono chitapindika pang'ono, ndi mwendo kuchokera m'mphechepeche kufika pansi.

Lembani m'foni, ndipo muziyezanso pakatha miyezi isanu ndi umodzi. Pamsika pomwe palibe poyesera, yalani chovala, yezani kuchokera mbali ina kufika inzake, n'kuchulukitsa kawiri. Nsalu yosatamuka imafuna mpata: masentimita pafupifupi 5 pa chifuwa, 2 kapena 3 m'chiuno, ndi 5 pa mbina. Mbina yanu ikakhala 104, siketi yoyalidwa ikhale yosachepera 54 kapena 55 m'lifupi. Njira yokulunga chiuno cha buluku m'khosi imangolondola mwamwayi, ndipo sinena kalikonse za mbina ndi ntchafu, komwe kumathina anthu ambiri.

Bra imandipweteka m'mapewa ndipo imakwera kumsana. Vuto n'chiyani?

Kawirikawiri lamba wozungulira chifuwa ndi wamkulu, pamene makapu ndi aang'ono. Kulemera kwa mabere kumayenera kunyamulidwa ndi lambayo, osati zingwe za m'mapewa. Lamba akakula amakwera kumsana, inu n'kufupikitsa zingwe, zingwezo n'kuyamba kudula mapewa.

Tsitsani nambala ndi kukweza chilembo: ngati 38B ikukwera, yesani 36C, chifukwa kapu ya ziwirizi ndi yofanana kukula, kusiyana kuli pa lamba. Ngati bere likusefukiranso pamwamba kapena m'khwapa, pitani pa 36D. Yatsopano izikwana pa ngowe zakumapeto, kuti ikayamba kutamuka muzisunthira m'kati. Kachigawo ka pakati kagone pafupa la chifuwa, osalendewera. Bra yoyenera imasintha mmene diresi lililonse limagonera, ndiye valani yomweyo popita kukayezedwa kwa telala.

Ndanenepa ndipo zovala zonse zikundithina. Ndidikire ndionde kaye ndisanagule zina?

Ayi. Thupi lomwe liyenera kupita kuntchito mawa ndi lomwe muli nalo lero. Chovala chothina chimakukumbutsani za mimba yanu tsiku lonse: mukhala pansi chikuboola, muimirira mukukoka, pa chithunzi mubisala kumbuyo kwa anzanu. Anthu ambiri amene amati sakonda thupi lawo amakhala akunena za buluku lomwe linasiya kuwakwana zaka ziwiri zapitazo.

Simufunika kugula zonse mwakamodzi. Tulutsani zonse, yesani chimodzichimodzi, ndipo muunjike patatu: zokwana, zoti telala angakulitse, ndi zosatheka. Onani m'kati mwa msoko. Ngati muli nsalu yotsala masentimita 2 mbali iliyonse, siketi kapena diresi lingakule ndi masentimita 4 kapena kuposerapo. Pomwe palibe, telala angaike kansalu ka chitenje m'mbali zonse ziwiri, ndipo zimaoneka ngati sitayilo yochita kufuna. Zosathekazo zichoke pamaso, zipite m'sutikesi kapena kwa ena. Mukatero gulani zapansi ziwiri zokukwanani bwino, chifukwa ndi zomwe zimavuta, pamene zapamwamba zambiri zimalolera.

Amayi amene angobereka kumene asathamangire kusoketsa zogwira thupi. Thupi limapitiriza kusintha kwa miyezi ingapo, makamaka poyamwitsa. Siketi yokulunga, diresi lomanga ndi lamba, ndi chitenje chathu chomwechi zimatsata thupi pamene lili.

Nanga mitundu ndi masitayilo oti "amachepetsa thupi"?

Malamulo oti wonenepa azivala zakuda zokha, kapena wamfupi asavale maluwa akuluakulu, ndi maganizo a anthu chabe. Zomwe zimaonekadi ndi zitatu: msoko wa phewa ukhale pa fupa la phewa, nsalu isachite mizere yokokeka pa chifuwa kapena pa mbina, ndipo mpendero uthere pamene mwafuna inu. Izi zikakhala bwino, chitenje chofiira cha maluwa ngati mbale chimakhala bwino pa thupi lililonse. Chimene chimaononga ndi kuvala chachikulu kwambiri pofuna kubisala, chifukwa chimabisa mapewa ndi chiuno, n'kusiya chithumba choyenda.

Amene ali ndi mbina yaikulu ndi chiuno chaching'ono azigula zokwana mbina, telala achepetse chiuno kumbuyo. Abambo a mimba aleke kumangira buluku pansi pa mimba: buluku lokwera lofika pafupi ndi mchombo limagona bwino, ndipo shati situluka.

Achibale akandiona amangoti "mwanenepatu" kapena "mwaondatu, mukudwala?" Ndiziyankha bwanji?

Kwathu "mwanenepa" nthawi zambiri ndi chiyamikiro, kutanthauza kuti ku Joni zikukuyenderani. "Mwaonda" ndiye mawu olemera, chifukwa kuyambira zaka zomwe Edzi inavuta kwambiri, kuonda kunayamba kumveka ngati mphekesera ya matenda. Kuno nako mumakumana ndi zithunzi za pa Instagram ndi TikTok zofuna chiuno cha mavu ndi mbina yaikulu pa thupi limodzi. Munthu mmodzi sangakwanitse miyezo yonseyi.

Kwa akuluakulu, yankho lalifupi laulemu limakwana: "Ndili bwino ndithu, amayi, kaya inu kunyumba?" Nkhani n'kupita kwina. Kwa mnzanu wobwereza tsiku ndi tsiku mungathe kunena mosapsatira kuti nkhani ya thupi lanu aisiye. Chokha choyenera kuchitengera kuchipatala ndi kusintha kwa thupi kosadziwika chifukwa chake: kuonda msanga musanasinthe kadyedwe, kutupa miyendo, ludzu losatha, kapena kutuluka thukuta usiku. Mapiritsi ndi mankhwala amadzi ogulitsidwa pamsewu oti amakulitsa mbina asiyeni. Ambiri salembedwa zomwe zili m'kati mwake.

Kodi mkazi kuvala buluku kapena siketi yaifupi n'kutaya chikhalidwe?

Funso ili lili ndi mbiri yake. Mu 1973 boma la Dr Kamuzu Banda linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mabuluku ndi masiketi osaphimba mawondo pagulu, ndipo linachotsedwa mu 1993. Anthu ambiri amene amati "kwathu sitivala choncho" akukumbukira zaka makumi awiri za lamulo limenelo. Mu January 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anavula amayi ovala mabuluku, ndipo amayi anachita zionetsero zotsutsa. Kunonso zinachitikapo: mu February 2008 mtsikana anachitidwa chipongwe pa renki ya matekisi ya Noord Street chifukwa cha siketi yaifupi, anthu n'kuguba kudzudzula. M'maiko onse awiri, kuvula kapena kugwiragwira munthu chifukwa cha chovala chake ndi mlandu.

Kulemekeza malo ndi nkhani ina. Pa maliro, kwa apongozi, ndi m'mipingo yambiri, chitenje ndi duku zimayembekezeredwabe, ngakhale mwambowo uchitikire ku Rosettenville kapena ku Turffontein. Amayi ambiri amangoyenda ndi chitenje chopinda m'chikwama, n'kumangirira pamwamba pa buluku akafika pachipata.

Mafuta oyeretsa khungu ndi oopsadi?

Inde. South Africa inaletsa hydroquinone m'mafuta odzola mu 1990, komabe timabotolo tosalembedwa bwino timapezekabe pamsewu ndi m'timashopu tina. Hydroquinone akadzoledwa nthawi yaitali amabweretsa zigamba zakuda zokhakhala m'masaya ndi pachipumi, zovuta kwambiri kuchiza. Mafuta ena ali ndi mankhwala amphamvu a steroid monga clobetasol, omwe amapyapyalitsa khungu, kutulutsa mitsempha ndi mizere, ndi kubweretsa ziphuphu. Ena ali ndi mercury, yomwe imaononga impso ndipo ndi yoopsa kwa mwana ali m'mimba. Dzuwa la pamtunda ngati kuno limapsereza msanga khungu lotere.

Amene wadzola steroid kwa miyezi asasiye payekha mwadzidzidzi, chifukwa khungu limatha kufiira ndi kuyabwa kwambiri. Apite kukiliniki atanyamula botololo. Ngati vuto ndi madontho otsala ndi ziphuphu, chothandiza choyamba ndi mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa, tsiku lililonse.

Zitenje zabwino ndingazipeze kuti, ndipo ndingadziwe bwanji kuti ndi thonje lenileni?

Nsalu zimapezeka ku Oriental Plaza ku Fordsburg, m'dera la Fashion District chakum'mawa kwa tauni cha ku Pritchard Street, ndi m'mashopu a anthu a kumadzulo kwa Africa ku Yeoville. Amayi ena amabwera nazo kuchokera kumudzi, kuphatikizapo za ku Tanzania ndi Zambia.

Nsalu ya wakisi yeniyeni imaoneka pafupifupi chimodzimodzi mbali zonse ziwiri, chifukwa utoto umalowerera. Yongodinda imakhala yotuwa kumbuyo. Dzina la m'mphepete lisakupusitseni: Vlisco ya ku Helmond ku Netherlands imakoperedwa kwambiri, ndipo yotchipa modabwitsa si yeniyeni. Kuti mudziwe ulusi wake, pemphani kachidutswa mukayatse kunyumba pa mbale yadothi. Thonje limayaka ngati pepala, fungo lakenso la pepala, n'kusiya phulusa lofewa. Poliyesita imakwinyika, imasungunuka, n'kusiya kampira kolimba kakuda. Chitenje cha poliyesita sichisuluka msanga, koma sichimwa thukuta, chimaterereka pomanga, ndipo n'choopsa pafupi ndi mbaula kapena hita chifukwa chikapsa chimamatirira pakhungu.

Musanyozenso nsalu ya kuno yotchedwa shweshwe. Ya Three Cats imapangidwa ndi Da Gama Textiles ku Zwelitsha ku Eastern Cape, ndi thonje lokhalokha, ndipo kumbuyo kwake kuli chidindo cha amphaka atatu. Ikakhala yatsopano imauma gwa ndi sitachi ndipo ili ndi kafungo kake. Ikachapidwa imafewa, n'kukhala zaka.

Ndigule mamita angati, ndipo ndichite bwanji kuti telala asandionongere nsalu?

Zitenje zambiri ndi za masentimita pafupifupi 115 m'lifupi. Pa nsalu yotere, siketi yowongoka imafuna mita imodzi ndi theka, bulauzi ya mikono mamita 2, shati ya abambo 2 kapena 2 ndi theka, diresi lofika m'mawondo 3, diresi lalitali lotambalala 4 mpaka 5. Chilundu chathunthu ndi duku lake chimadya mayadi 6, omwe ndi mamita pafupifupi 5 ndi theka. Shweshwe ndi yopapatiza, masentimita 90 okha, ndiye onjezerani pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu. Maluwa akakhala akuluakulu onjezerani theka la mita, kuti telala awakumanize pamsoko. Popanda zimenezo mudzapeza mbalame yodulidwa mutu pamimba.

Chapani nsalu ndi kuisita musanaipereke. Thonje limabwerera likalowa m'madzi koyamba, masentimita 3 mpaka 5 pa mita iliyonse, ndipo diresi losokedwa pa nsalu yosachapa limafupika, misoko n'kukwinyika. Layini wa m'kati achapidwenso.

Kwa telala, onani kaye ntchito yomwe wamaliza, muitembenuze. Pitani ndi chithunzi komanso chovala chanu chokukwanani bwino. Akuyezeni yekha, alembe m'buku inu mukuona, limodzi ndi mtengo, tsiku loyesa ndi tsiku lotenga. Perekani theka, lotsala pomaliza. Muuzeni asiye masentimita 2 kapena 3 m'misoko ya m'mbali, pa chifukwa chomwe chafotokozedwa pa funso la kunenepa. Poyesa musangoima pagalasi ngati msilikali: khalani pampando, kwezani manja, weramani ngati mukutola kanthu. Ndipo tsiku la ukwati kapena chinkhoswe musalitchule lenileni, libwezeni ndi masabata awiri. Mu November ndi December matelala onse amakhala atadzaza ndi za maukwati ndi za opita kumudzi.

Kugula m'masitolo a pa intaneti a Shein ndi Temu kuli ndi vuto lanji, popeza n'kotchipa?

Choyamba, mtengo wa pafoni si womaliza. Zovala zolowa m'dziko lino zimalipitsidwa msonkho wa 45 peresenti, kuonjezapo VAT ya 15 peresenti, ndipo mu 2024 bungwe lotolera misonkho la SARS linayamba kutseka mpata womwe timaphukusi ting'onoting'ono tinkalowera pa msonkho wotsika. Chachiwiri, simungagwire nsalu. Werengani pomwe alemba ulusi wake, yerekezani tebulo la miyezo ndi miyezo yanu m'masentimita osati chilembo, ndipo khulupirirani zithunzi za ogula kuposa za wotsatsa. Kubweza katundu kunja n'kovuta, moti zambiri zosakwana zimangothera pansi pa sutikesi.

Anthu akamati tizigula zovala moganizira, akutanthauza kuti tizigula zodula?

Ayi. Akutanthauza kudzifunsa kuti chovalacho mudzachivala kangati, chinachokera kuti, ndipo chidzathera kuti. Masamu ake ndi apafupi. Nsapato za R150 zomatuka pakatha miyezi iwiri, mutavala ka 40, zakudyerani pafupifupi R3.75 pa tsiku. Za R600 zosokedwa bwino zomwe mwavala ka 300 zakudyerani R2. Jekete la ubweya la R80 la pa dunusa lingapose zonsezi. Diresi la R900 lovala pa ukwati umodzi wokha ndiye lodula kuposa china chilichonse m'nyumba, ndipo pamenepo kubwerekana kapena kusoketsa sitayilo yoti mudzavalenso kutchalitchi n'kwanzeru.

Kutchipa kwina kumalipiridwa ndi anthu ena. Pa 24 April 2013 nyumba ya Rana Plaza ku Bangladesh, momwe munali mafakitale osokera makampani akuluakulu a kunja, inagwa n'kupha anthu 1,134. Ming'alu inali itaoneka dzulo lake, koma osoka anauzidwa kuti alowe. Kumbali ya zinyalala, poliyesita ndi pulasitiki, siola, ndipo nthawi iliyonse yochapa imataya tiulusi tosaoneka m'madzi.

Palibe chifukwa choti munthu wolandira ndalama zochepa azidziimba mlandu pogulira ana yunifolomu ku PEP kapena ku Ackermans. Kunena zoona, zambiri zimene zikulalikidwa masiku ano ngati nzeru zatsopano, kugula zakale, kuika chigamba, kupatsira mng'ono, Amalawi akhala akuchita kuyambira kale. Chachilendo ndi chizolowezi chogula chatsopano pa chochitika chilichonse chifukwa chakalecho "chinaoneka kale pa Facebook".

Akaunti ya m'sitolo ndi lay-by, chabwino n'chiti? Nanga ndingabweze chovala?

Akaunti ndi ngongole: mumatenga lero, koma pamwamba pa mtengo pamatha kubwera chiwongoladzanja, ndalama ya mwezi ndi mwezi yoyendetsera akauntiyo, ndi inshuwalansi. Funsani chiwerengero chonse chomwe mudzakhale mutalipira pomaliza. Lay-by ilibe chiwongoladzanja: katundu amakhala m'sitolo mpaka mutamaliza. Mukalephera, ndalama zanu zimabwerera, ndipo chilango chomwe angadule sichiyenera kupitirira 1 peresenti ya mtengo wa katunduyo.

Lamulo loteteza ogula la 2008 limati katundu akapezeka ndi vuto lochokera kopanga m'miyezi isanu ndi umodzi, mungathe kumubweza, ndipo wosankha pakati pa kukonzeredwa, kusinthiridwa ndi kubwezeredwa ndalama ndinu. Lamuloli limateteza wogula aliyense, kaya ndi nzika kaya ayi. Koma kungosintha maganizo kapena kulakwitsa saizi m'sitolo si vuto la katundu. Pamenepo zimadalira malamulo a sitoloyo, choncho sungani lisiti ndipo musadule kapepala ka mtengo. Pa dunusa ndi m'timashopu tambiri ta ku Small Street musayembekezere zobweza: yang'anitsani musanapereke ndalama.

Ndizichapa bwanji kuti zisasuluke ndi kutha msanga?

Chomwe chimapha zovala kuno ndi dzuwa, madzi otentha ndi sopo wochuluka. Kupatula kuchapa koyamba kwa zakaunjika komwe kwafotokozedwa pamwambapa, madzi ozizira kapena a madigiri 30 amakwana. Tembenuzani zamitundu pochapa ndi poyanika, yanikani pamthunzi, ndipo anulani zikangouma. Chitenje chosiyidwa pachingwe kuyambira m'mawa mpaka madzulo chimatuwa pamzere wa chingwecho. Chatsopano chichapidwe pachokha kawiri kapena katatu mpaka madzi atasiya kusintha mtundu. Mchere ndi viniga, zomwe ambiri amalimbikitsa, sizigwiritsa utoto pa nsalu ya thonje yomwe inapakidwa kale kufakitale. Chothandiza ndi madzi ozizira ndi kusaviika nthawi yaitali.

Juzi ya ubweya imachepa ikakumana ndi madzi otentha ndi kufikisa. Ifinyeni pang'onopang'ono, ikulungeni m'tawulo, muyale pansi, osapachika. Jinzi yotamuka, bra ndi chilichonse cha lastiki zisalowe m'makina oumitsira ndipo zisakumane ndi simbi yotentha kwambiri. Magazi amachoka ndi madzi ozizira, otentha amawaphika. Mafuta a ndiwo amachoka ndi sopo wotsukira mbale. Banga lililonse lichoke musanasite. Za chisanu muzisunga mutachapa ndi kuumitsa bwino, chifukwa njenjete zimatsata thukuta.

Zomwe sindikuvalanso ndizitumize kumudzi?

Tumizani zoti munthu angavale mawa lomwe osachita manyazi: zochapa, zipi ikugwira, mabatani onse alipo. Funsani miyezo ya wolandira, kapena msinkhu ndi nambala ya nsapato ya ana, musanamange katundu. Otengera katundu ku Malawi amalipitsa potengera kulemera kapena kukula kwa chikwama, ndiye chijasi chochindikala chopita ku Nsanje kapena ku Chikwawa ndi ndalama yotayika, pamene ku Dedza, ku Mzimba ndi ku Ntcheu chingathandize. Zatsopano zambirimbiri zofanana zimaoneka ngati za malonda pa chipata cha Mwanza kapena Dedza, ndipo a MRA angafune msonkho.

Zong'ambika zili ndi ntchito yake konkuno. Matisheti a thonje amakhala zokolopera ndi zopukutira zabwino. Jinzi yotha m'mphechepeche imatuluka kabudula wa mwana kapena chikwama cha kumsika. Zidutswa za chitenje muzipempha kwa telala pamodzi ndi chovala chanu, chifukwa ndi zomwe adzakulitsire diresi lomwelo likadzayamba kuthina. Musanataye shati, dulani mabatani ndi zipi muike m'kabotolo.